Tinakawaona Amalume ku Harare

Pamene tinali ana kumudzi kwathu m'boma la Dedza, panalibe dzina la malo limene linkatikoka mtima ngati la Halale. Munthu akatsika basi pamsewu ali ndi sutikesi yachitsulo, chipewa chakhonde ndi njinga yonyezimira, sitinkafunsa kumene wachokera. Tinkangothamanga kukamlandira katundu, tili ndi chiyembekezo chakuti tilawako buledi. Zimene munthu adaziona ali mwana sizichoka msanga m'mutu. Lero imvi zatuluka, ndipo taphunzitsa ana mapu a Africa kwa zaka zoposa 30, komabe pamene ife ndi mayi a kunyumba tinanyamuka mu Ogasiti 2024 kukaona amalume awo ku Zimbabwe, Halale amene tinali naye mumtima anali yemwe uja wa masutikesi.

Amalumewo ndi mlongo wawo wa apongozi athu. Adachoka pamudzi m'chaka cha 1962, nthawi ya Chitaganya, ali mnyamata wosakwatira, nanena kuti akukafuna ndalama ya msonkho ndi ya njinga, ndipo kuti sapyola zaka ziwiri. Adabwerako kamodzi kokha, mu 1974, kudzaona manda a mayi awo. Makalata adayamba kubwera patalipatali, kenaka kudangoti zii. Anthu otere timawatcha matchona, ndipo mawuwa timawanena mopepuka, koma pabanja la apongozi athu sanali opepuka ayi, pakuti amene adatchonayo ndiye mwini mbumba. Maukwati a ana a alongo ake adamangidwa iye palibe, milandu ya minda idakambidwa iye palibe, ndipo pamaliro aliwonse pankasowa woyankhula mawu otsiriza a banja. Mu 2023 mdzukulu wawo wina adatifunafuna pa Facebook mpaka kutipeza, natiuza kuti agogo ake ali moyo, amakhala ku Dzivarasekwa mumzinda wa Harare, koma miyendo yayamba kukana.

Apongozi atamva izi anatiitanitsa. Maso awo saonanso bwino, koma mutu uli bwinobwino. Anati kwa mwana wawo: "Pita ndi amuna ako ukamuone ndi maso. Ukamuuze kuti dimba lake la kudambo sindinapatse munthu. Abwere, adzafere kwawo." Uthengawo tinaulandira ndi manja awiri, osaganizira kulemera kwake.

Mbiri ya ulendo siibisika pamudzi. Sabata isanathe anthu anayamba kutipeza, wina m'mawa wina madzulo, aliyense ndi kandalama kake komanga pansalu. Mayi wina wa Chigwirizano anafuna mapoto a Kango, ati amene mayi ake adalandira kuchokera ku Bulawayo kalekale akuphikirabe mpaka lero. Mphunzitsi mnzathu anafuna nsapato za Bata za ku Gweru. Ena anafuna mabulangete, ena nsalu za pazenera, ndipo pafupifupi onse anatchulako Mazoe, chakumwa chija cha malalanje chimene matchona ankabwera nacho pa Khirisimasi. Mwa chizolowezi cha ntchito yathu tinatenga kope la sukulu ndi kulembamo mizere: dzina uku, katundu apa, ndalama uko. Mayina anakwana 17. Tiulule pano kuti kopelo tinalisamala koposa uthenga wa apongozi. Kupeza madola a ku America, amene amagulira zinthu zambiri ku Zimbabwe, inali ntchito yakeyake, pakuti kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zinali zosowa. Mulu wonse wa makwacha unasanduka timapepala towerengeka tokwana m'thumba la malaya.

Zimene tinanyamula ife zinali zakumudzi: kathumba ka mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe, usipa pang'ono, mtedza, ndi chikwatu cha mfutso wa nkhwani chimene apongozi anamanga ndi manja awo mopapasa. Chikwatucho tinachikana poyamba. Tinati munthu angapite bwanji ku Halale ndi masamba ouma? Mayi a kunyumba sanayankhe. Anangochiika pansi penipeni pa chikwama.

Basi tinakwerera ku Lilongwe m'bandakucha. Titadutsa chipata cha Dedza ndi kufika ku Calomue tinali m'dziko la Mozambique, ngakhale makutu sanavomereze, chifukwa anthu a ku Angonia amayankhula monga ife, ndipo kachewere amene amagulitsa m'mbali mwa msewu ndi yemweyo wa kwathu. Kusintha kumayamba msewu ukatsika mapiri. Mphepo yozizira imatha, malambe amayamba kuoneka, mbuzi zimachuluka, ndipo pofika ku Moatize munthu amadziwa kuti walowa m'dziko la malasha. Ku Tete tinaona Zambezi, mtsinje umene tauphunzitsa nthawi zosawerengeka, ndipo tinachita manyazi pokumbukira kamzere ka choko kamene timakalemba pabolodi. Pamenepo pali milatho iwiri: wakale wolendewera pa zingwe zachitsulo, wa mu 1973, umene umatchedwa Samora Machel, ndi wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014. Bambo wina wachikulire amene tinakhala naye pafupi, yemwe kale ankayendetsa malole, anatikumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1980 msewu womwewu sunkayendeka popanda asilikali operekeza, kufikira nkhondo idatha mu 1992. Tinayamba kuwaweruza amalume mofatsa pang'ono. Pa Nyamapanda, chipata cholowera m'Zimbabwe, tinakhalapo maola angapo katundu akuonedwa. Mutoko ndi Murewa tinadutsa mumdima, ndipo mu Harare tinalowa pakati pa usiku wa Lachinayi.

Mdzukulu uja anatichingamira. Dzivarasekwa ali kumadzulo kwa mzinda, ndipo ambiri mwa anthu oyamba kukhalamo anali ogwira ntchito m'nyumba za azungu, mwa iwo anthu akwathu osawerengeka. Tinapeza nyumba ya zipinda zinayi, magetsi atazima, ndi nkhalamba itakhala pampando pafupi ndi kandulo, itavala jekete ndi tayi. Inali itakana kugona.

Mayi a kunyumba anagwada pakhomo naomba m'manja. "Amalume, ndine mwana wa mlongo wanu, wachiwiri kubadwa."

Mkuluyo anakweza kandulo nawayang'ana nthawi yaitali. "Mphumi iyi ndi ya mayi anga," anatero.

Ife anatitcha akamwini, ngakhale tili ndi zidzukulu, ndipo dzinalo tinalivomera mokondwa, pakuti aka kanali koyamba kuti mwini mbumba atione kuyambira pamene tidalowa m'banjamo. Chichewa chawo chinali chija chakale, chosaphatikiza, chimene kwathu timachimva kwa agogo okhaokha. Akamakamba za kumudzi ndalama ankaziwerenga m'mapaundi ndi mashereni, ndipo Lilongwe kwa iwo anali akadali katauni ka masitolo ochepa pafupi ndi mlatho.

M'mawa mwake, titamwa tiyi, anayamba kuitana mayina monga mphunzitsi amachitira m'kalasi. Anayambira kumtunda kwa mudzi, nyumba ndi nyumba, monga zidaliri mu 1974. Uje alipo? Mayi a kunyumba ankayankha motsitsa mawu kuti adatisiya. Nanga uje, amene tinkasaka naye mbewa? Adatisiya chaka cha njala, 2002. Nanga mwana wake uja wopunduka mwendo? Nayenso. Ife tinkawerenga chamumtima: mayina 26, amoyo asanu. Pamapeto pake anavula chipewa nati, "Tiyeni tikhale chete pang'ono, ndikhuze maliro anga onsewa pamodzi." Tinakhala chete, ndipo ngakhale tizidzukulu timene tinkasewera panja tinaleka phokoso.

Mphatso tinazitulutsa masana. Mpunga ndi tiyi anathokoza mwaulemu. Koma pamene mayi a kunyumba anatulutsa chikwatu, nkhalamba inachilandira ngati khanda. Inatembenuza mfundo zake, nati kamangidwe aka ndi ka mlongo wanga, mayi adatiphunzitsa chomwechi. Inachinunkhiza, misozi ili mbwembwembwe. Ashona nawonso amafutsa ndiwo, ndipo amazitcha mufushwa, kotero kuti apongozi awo aakazi, mkazi wa mwana wawo, sanaone chachilendo. Koma amalume anaumirira kuti ziphikidwe ndi mwana wa mlongo wawo, ndi nsinjiro za mtedza wa kwawo. Tsiku limenelo anadya mitanda iwiri, ndipo a m'nyumbamo anati sanawaonepo akudya motero chaka chonse. Ife amene tidakana chikwatu tinadya moweramitsa mutu.

Mbiri yawo anatiuza pang'onopang'ono. Adayamba ndi kuthyola fodya pa famu ina cha ku Marondera, kenaka adaphunzira ukhukhi nagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba za ku Mabelreign. Adakwatira mkazi wa ku Murewa, amene adamwalira mu 2011. Ndalama zimene adasunga moyo wawo wonse zidasungunuka mu 2008, pamene mitengo ya zinthu inkakwera m'mawa ndi madzulo. Anatulutsa m'Baibulo lawo pepala la ndalama lolembedwa 50,000,000,000, nati limeneli ndilo njinga ija ndidakuuzani. Anationetsanso chitupa chawo chakale, cholembedwa kuti ndi mlendo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya anthu ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique opanda dziko, ngakhale adabadwira konko, ndipo zidayamba kukonzeka ndi malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013, amenenso adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Koma pali chinthu china chimene lamulo silingakonze, ndipo amalume anachifotokoza bwino koposa buku lililonse. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. Amatenga mutupo wa bambo, ndipo mudzi wake ndi wa bambo. Kwa ife mwana ndi wa kwa mayi. Tsono ana awo akapita ku Murewa amauzidwa kuti kwanu ndi ku Malawi, ndipo akanabwera kwathu tikanawauza kuti kwanu ndi ku Murewa. Ena mumzinda amawanyoza kuti ndi anthu opanda mutupo. Ana asanu ndi mmodzi, zidzukulu khumi ndi zinayi, ndipo mudzi wawo wonse ndi zipinda zinayi zija.

Titamva zimenezi, uthenga wa apongozi unatikanirira pakhosi. Tinagwirizana kuti tiunene mawa. Ndipo mawalo, Loweruka, tinatenga kope ndi kupita m'tauni.

Harare ndi mzinda wokongola, tisaname. Misewu yake ndi yotakata, yoongoka, ndipo nyumba zake zazitali zikuonetsa kuti udamangidwa ndi chuma chambiri, china mwa icho thukuta la anthu ngati amalume. Koma kugulamo zinthu kunatizunguza mutu. Nthawi imeneyo ndalama zinali ziwiri: madola a ku America ndi ZiG, imene idayamba mu Epulo chaka chomwecho, ndipo chinthu chimodzi chinali ndi mitengo iwiri. M'timasitolo ting'onoting'ono ta kumunsi kwa tauni ankafuna madola okhaokha. Chenji chinali chosowa. Tikagula kanthu ka masenti 70 tinkapatsidwa maswiti kapena bolopeni m'malo mwa zotsala, kotero kuti pofika madzulo thumba lathu linali ngati la mwana wa sukulu. Chimene chinatifooketsa kwenikweni ndi katundu mwiniwake. Tikatembenuza bulangete tinkapeza kuti ndi la ku China. Tikatembenuza chitini, cha ku South Africa. Zomwezo zimene zili m'masitolo a ku Lilongwe, ndipo tikasandutsa mtengo wake m'makwacha, zambiri zinali zodula koposa kwathu. Ife tinkaima pakati pa sitolo ndi pensulo, kuchulukitsa ndi kugawa, ogulitsa akutiseka. Pa mayina 17 tinachonga anayi.

Lamulungu tinakapemphera ndi mpingo wa CCAP wa kufupi, amalume atatsala chifukwa cha miyendo. Mpingo umenewu ku Zimbabwe udabadwa mwa anthu a ulendo: Mbusa T.C.B. Vlok adatumizidwa ku Salisbury mu 1912 kukasamala anthu akwathu amene adapita kukagwira ntchito, ndipo mu 1965 mipingoyo idakhala sinodi payokha m'CCAP. Nyimbo zinali zathu zomwe, zoimbidwa mokweza ndi mwachangu pang'ono. Achikulire ankaimba osayang'ana m'buku. Achinyamata ankaimba Chichewa chabwino, koma potuluka ankachezerana m'Chishona. Tikutuluka tinazingidwa ndi agogo ofunsa za Kasungu, za Ntcheu, za Mangochi, aliyense ndi mayina ake ofuna kuitana.

Lolemba m'mawa tinatenganso kope. Mayi a kunyumba anatiyang'ana nati, "Bambo, kodi tidabwera kudzawerenga mitengo ya mapoto kapena kudzaona amalume?" Tinayankha mwaukulu wa mpingo kuti ndalama za anthu ndi udindo, ndipo kuti sitingabwerere chimanjamanja anthu atatikhulupirira. Mawuwo anali oona, koma chimene chinkatithamangitsa m'nyumbamo chinali china, ndipo onse awiri tinkachidziwa. Anatiperekeza mosakondwa.

Tsiku limenelo tinapita ku Mbare, kumene kale kunkatchedwa Harari, dzina limene makolo athu adalisandutsa Halale. Msika wa Mbare Musika sitidzauiwala: milu ya tomato ndi kabichi yotsitsidwa m'malole usiku, anyamata a ngolo zamanja akukuwa kuti tipatuke, amayi ogulitsa nyemba ndi matemba a ku Kariba, ndi mabasi opita mbali zonse za dziko. Chapafupi pali Siyaso, kumene amisiri amasula mbaula, zidebe, mafelemu a zitseko ndi mawilibala kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo kulira kwa nyundo kumagonthetsa m'khutu. Mayi wina wogulitsa mtedza atamva tikukambirana anatilonjera m'Chichewa; agogo ake anali a ku Mulanje, iye sanapondeko. Anationjezera mtedza wodzaza manja awiri nakana ndalama. Patangopita miyezi iwiri, mu Okutobala 2024, tinamva kuti mbali yaikulu ya msikawo yapsa ndi moto usiku, ndipo munthu woyamba kumuganizira anali mayi ameneyo.

Tinachedwa. Minibasi, zimene kumeneko amati makombi, zinali zodzaza, ndipo tinafika ku Dzivarasekwa dzuwa litalowa, mphepo ya Ogasiti ikuluma. Amalume tinawapeza pachipata, pampando wawo, atavala jekete lija. Mdzukulu anatinong'oneza kuti akhala pamenepo kuyambira masana, ati akumbukira mayina ena asanu ndi atatu ndipo akuopa kuwaiwala. Anayang'ana mitolo yathu, natifunsa ngati tapeza zonse. Tinati zatsala pang'ono, tikamaliza mawa.

"Chabwino, akamwini," anatero. "Ine ndili pompano."

Usiku umenewo powathandiza kukagona, mayi a kunyumba anaona chimene amafunda: kabulangete kamodzi kothetheka, koonekera kuwala. Anabwera kuchipinda kwathu, namasula mtolo, natulutsa bulangete lalikulu limene tidagulira nyumba yathu, limene tidalinenerera mtengo theka la ola. Sanatifunse. Anakawafunditsa amalume awo, ndipo pobwera anatenga kope lija naliika pansi pa chikwama, pamalo pomwe padali chikwatu.

Lachiwiri sitinatuluke. Tinakhala panja padzuwa, ndipo mayina asanu ndi atatu aja anaitanidwa. Awiri anali amoyo. Kenaka mayi a kunyumba anasendera pafupi, nagwada, napereka uthenga monga adaulandirira, osachotsapo kapena kuonjezapo: dimba lilipo, mlongo wanu akuti mubwere, mudzafere kwanu.

Nkhalamba inakhala nthawi yaitali ikusisita bondo. Pomaliza inafunsa ngati lamya yathu imatha kusunga mawu. Tinaitsegula ndi kuiika m'manja mwawo, ndipo anaigwira ndi manja awiri ngati akuyankhula ndi munthu wamkulu. Anamutchula mlongo wawo ndi dzina la paubwana, limene ngakhale mwana wake sankalidziwa. Anapepesa chifukwa cha maliro onse amene sadakhalepo. Anati kubwera sangathe: miyendo siingapirire msewu wa ku Tete, ndiponso mkazi amene adawasunga zaka zoposa makumi anayi wagona m'dothi la konkuno, ndipo ana awo alibe mudzi wina koma manda a makolo awo awiriwo; akawachotsera amenewo adzatsala ndi chiyani? Dimba analipereka kwa mayi a kunyumba. Udindo wa mbumba anaupereka kwa mlamu wathu, mwana wamwamuna wa apongozi, nati wausenza kale zaka zambiri popanda womuuza, tsopano ausenze ndi chilolezo. Anamaliza ndi kunena kuti mfutso unali wabwino, koma mchere wa masiku ano ndi wosakoma. Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa. Anatipatsa chipewa chawo chakhonde kuti tikapatse mlamu wathu, ndipo sanalole kuti titsanzikane m'nyumba. Anawanyamula ndi mpando mpaka pachipata.

Kwathu tinafika ndi mapoto awiri a Kango, nsapato za mphunzitsi mnzathu, mabotolo anayi a Mazoe, nsalu zingapo, ndi maswiti ambiri. Anthu asanu ndi anayi tinawabwezera ndalama zawo, ndipo popeza kusintha ndalama kawiri kumadya, zoperewera tinaonjezera za m'thumba mwathu. Ena anamvetsa. Mmodzi anati tidangopita kukadya buledi, ndipo mpaka lero moni wake ndi wozizira.

Kwa apongozi tinapita madzulo a tsiku lomwelo. Anali pamkeka pakhonde. Sanafunse za ulendo. Anangotembenuzira khutu kunjira, kumvetsera ngati pali mapazi achitatu. Mayi a kunyumba anakhala pambali pawo nawaikira lamya pafupi ndi khutu. Pamene dzina la paubwana lija linamveka, apongozi anagwira pakamwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osanena kanthu, ndipo pa nkhani ya mchere anaseka pang'ono.

"Wakalamba," anatero. "Mawu ake akhala ngati a bambo athu. Kodi akufunda bwino kumeneko? Paja kumazizira."

Mayi a kunyumba anati akufunda bwino.

"Tsono bwereza, ndimvenso."